Chikho cha pa Switiwota

Panali mphunzitsi wina wopuma ntchito amene ankakhala pa katauni kakang'ono m'mbali mwa msewu wa tala, kumapiri kwinakwake. Katauniko kanali kongodutsa: sitolo zisanu, chigayo chimodzi, tiyirumu, msika wa Lachinayi ndi siteji ya maminibasi. Mukanati muwodzere pang'ono m'basi, mukanadzidzimuka mutadutsa kale. Koma kanali ndi dzina lalikulu kuposa iko komwe, dzina la Chingelezi. Pachikwangwani panalembedwa kuti Sweetwater. Eni ake ankati Switiwota, ndipo makondakitala, anthu osowa nthawi, ankangokuwa kuti, "Switi! Switi awiri, yanyamuka!"

Dzinalo linkagwira ntchito kuposa bulu wa pangolo. Linali pa sitolo, linali pa chigayo, linali pa baji ya yunifolomu ya ana asukulu. Linali pamsana pa anyamata a timu ya mpira imene inkagonja Lamlungu lililonse. Ngakhale kalipentala wokhoma mabokosi a maliro analilemba pakhomo pake. Koma mukanafunsa anthu amenewa kuti dzinalo limatanthauza chiyani, ambiri akanangokanda m'mutu. Ena ankati linali dzina la mzungu wa fodya. Ena ankati kale pankagulitsidwa maswiti.

Zimenezi zinkawapweteka mtima Aphunzitsi. Aliyense ankawatchula choncho, ngakhale akazi awo, aNachisale. Iwo ndi amene ankadziwa. Mukangowafunsa, ankatsokomola kaye, nkukonza kolala, nkuyamba ngati ali patsogolo pa kalasi. Mawu oyamba, ankatero, ndi kukoma, achiwiri ndi madzi. Madzi okoma. Anthu amene anadzayeza msewu kalekale anamanga misasa yawo pafupi ndi kasupe wa pansi pa mkuyu, anamwa madziwo, anawamva kukoma, nkulemba dzinalo pa mapu. Kenaka ankakuuzani mmene limalembedwera pa envelopu, mmene limatchulidwira ndi lilime la mwini wake, ndi mmene makondakitala akulionongera. Wofulumira ankaphonya basi.

Chikwangwani chakale chitachita dzimbiri, ndi Aphunzitsi amene anayenda khomo ndi khomo mpaka chatsopano chinaimikidwa, chobiriwira, cha malembo oyera. M'mawa uliwonse ankapita kukachipukuta fumbi ndi mpango wawo.

Tsono kasupe uja anali m'munsi mwa malo a Aphunzitsi omwewo, chifukwa atapuma ntchito anagula malo a pamkuyu. Ndipo pakasupepo panali mwambo wake, wakale kuposa chikwangwani chilichonse. Pa nthambi ya mkuyu pankapachikidwa chikho. Aliyense wodutsa, wa pomwepo kapena wochokera kutali, ankachipachula, nkumwa, nkutungira m'ndowa yake ngati ali nayo, nkuchitsuka, nkuchipachikanso chozondoka. Sankaodira kwa munthu. Anthu ankati chikho sichifunsa dzina. Chikang'ambika, mwini malo ndiye ankasema china, ndipo Aphunzitsi anali atasemapo kale chimodzi ndi manja awo, mokondwa ndithu.

Kenaka kunabwera chaka choipa. Mvula inadula mu Febuluwale. Pofika Okutobala mijigo yonse itatu ya patauni inali kungolira zitsulo, osatulutsa kanthu. Amayi ankalawirira kumtsinje wa kuseri kwa phiri, kukakumba mumchenga, nkubwerera dzuwa lili pamutu ndi madzi ofiira. Kasupe sanaphwe, koma anachepa. Kamadzi kake kankatuluka m'mwala ngati chala cha mwana.

Ndipo Aphunzitsi anali ndi dimba. Mizere makumi awiri ya tomato, yoikidwa mitengo bwinobwino, itayamba kuchita maluwa. Abale anga, tisawaweruze msanga bambo amenewa. Sanali munthu woipa. Anali nkhalamba imene penshoni yake inkatha mwezi usanafike pakati, ndipo tomato ameneyo ndiye anali chakudya cha nyumba yawo mpaka kukolola kwina. Anaona ndi maso awo kuti madzi sangakwanire zonse ziwiri. Amayi akatunga, dimba linkagona ndi ludzu. Dimba likamwa, amayi ankapeza matope.

Choncho tsiku lina anadula mabango ndi minga, nkuzinga kasupe yense pamodzi ndi dimba. Anaikapo chitseko cha lata, nkukhoma loko. Chikho anachipachula, nkukachisomeka kudenga la khitchini.

"Aphunzitsi, chikho sichigona m'nyumba," anatero aNachisale.

"Mvula ikagwa ndidzachibwezera," anayankha amuna awo.

Koma m'mawa mwake aNachisale anatenga ndowa yawo, nkudutsa pachitseko cha lata chija osachiyang'ana, nkutsagana ndi amayi anzawo kumtsinje wa kuseri kwa phiri. Anachita choncho tsiku ndi tsiku. Amayi a patauni nawo sanatukwane. Akakumana ndi Aphunzitsi ankanyonyomala ndi ndowa kumutu, nkupereka moni waulemu ngati kale. Ulemu umenewo unkawawa kuposa chipongwe, ndipo Aphunzitsi anayamba kuyenda moyang'ana pansi.

Lachinayi lina, tsiku la msika, masana dzuwa likuswa mtengo, m'minibasi munatsika mayi wina wachilendo. Anali wa zaka ngati makumi asanu, wovala chitenje chofwifwa, m'manja muli kachigubu kopanda kanthu. Dzina lake anali Elube, ndipo anachokera kuchigwa, ulendo wa maminibasi atatu. Anafunsa patiyirumu ngati pamenepo ndi pa Switiwota penipeni. Mwini tiyirumu anangoloza ndi mlomo, nati, "Za dzina funsani achikulire aima pachikwangwani apowo. Koma khalani kaye pansi, sathana nazo msanga."

Aphunzitsi anasangalala. Panali patapita masabata ambiri munthu asanawafunse kanthu. Anatsokomola, anakonza kolala, anayamba. Kukoma, madzi, oyeza msewu, misasa, mapu, envelopu, makondakitala. Mayiyo anamvetsera zonse, manja ali pamodzi, osawadula mawu.

Atamaliza, iye anati, "Zikomo, bambo. Ndiye madziwo ali kuti?"

Ndipo anafotokoza chimene anadzera. Bambo ake, a Chikaonda, anali gone kunyumba, okalamba kwambiri, achipatala atawabweza. Chakudya anasiya. Chimene ankapempha chinali chimodzi chokha, madzi a pa Switiwota. Ali kamnyamata, chaka cha njala yaikulu, anayenda ndi mayi awo masiku anayi kukafuna chakudya kumapiri. Midzi imene ankadutsa anthu ankawapirikitsa pazitsime, poopa kuti alendo awathera madzi. Tsiku lachinayi mwanayo anakomoka panjira. Mayi ake anamukwakwaza mpaka pansi pa mkuyu wina, nkupezapo chikho chikulendewera, popanda mlonda, popanda wofunsa. Anamumwetsa, anamuthira kumutu, mwana anatsegula maso. Tsopano mwana uja anali nkhalamba, ndipo ankafuna kumwanso madzi amenewo asanatsikire kulichete.

Aphunzitsi anamva kiyi wa loko m'thumba la buluku lawo, akuwakhudza pantchafu. Anayang'ana kumsika. Pamenepo panali amayi a patauni ambirimbiri, ndipo ena anali atasiya kale malonda nkumamvetsera. Anadziwa kuti akatsegulira mmodzi pamaso pa onsewa, sadzatsekanso. Anaganiza za tomato wawo, amene anali atayamba kubereka tizipatso tobiriwira. Masabata atatu okha, nkuyamba kuthyola.

"Pepani, mayi," anatero. "Kasupe waphwa chaka chino."

Mayi wina pamsika anaseka kamodzi kokha, kuseka kouma, nkubwerera ku bonya wake.

Elube anaweramitsa mutu. Kenaka anati, "Nanga chikho? Ndingochionako, ndikawauze kuti ndinafika."

"Chikho palibe."

"Ndiye kuti ndatsikira polakwika," anatero mayiyo, mopanda mkwiyo. "Bambo anati ndikapanda kupeza chikho pamkuyu, si pamenepo ayi."

Aphunzitsi anatambasula dzanja, nkumenya chikwangwani chawo chobiriwira mpaka chinalira. "Polakwika bwanji? Tawerengani apa!"

"Chingelezi sindichidziwa, bambo. Ine ndinauzidwa za chikho."

Anawathokoza, ananyamula kachigubu kake, nkupita pasiteji kukakhala m'minibasi imene inkadikira kudzaza.

Aphunzitsi anatsetsereka kupita kwawo. Podutsa pampanda wa mabango anamva kamadzi kaja kakugwera m'dziwe, tho, tho, tho, ngati kakuwatsutsa. Pakhomo anapeza aNachisale akutula ndowa ya madzi ofiira, thukuta lili chuchuchu. Nkhani ya pamsika simachedwa, inali itawapeza kale panjira.

"Ndamva kwabwera mlendo wofuna ku Switiwota," anatero mayiwo uku akupukuta nkhope. "Mwamulozera njira ya kuti?"

Mawuwo anawalasa Aphunzitsi. Anachita manyazi, manyazi enieni. Koma mtima wa munthu ndi wochenjera, abale anga. Ukapanikizika umafuna njira yachidule, yoti Mulungu asangalale, tomato nayenso asafe. Aphunzitsi anabwerera kusiteji mofulumira. Minibasi inali itatsala anthu atatu. Anasendera pawindo, nkunong'ona.

"Mayi, patseni kachigubuko. Ndikakutungirani penapake, mwakachetechete. Musauze munthu."

Elube anakagwiritsa kachigubu kake pachifuwa. "Madzi kwathu aliko, bambo, mtsinje wathu suphwa. Bambo anga akandifunsa kuti ndatunga ndi chiyani, ndikayankha bwanji?"

Ndipo anawonjezera mawu amene anagwetsa phunziro la zaka makumi atatu. "Paja bambo amati madzi akewo si okomanso ayi. Amati amamveka dzimbiri, ngati wanyambita msomali. Amati chinakoma ndi chakuti palibe anawafunsa kuti ndinu a kwa yani."

Zinali zoona, ndipo Aphunzitsi ankazidziwa kuposa wina aliyense. Madzi a pamkuyu ankadetsa tiyi. Ankafiiritsa malaya oyera. ANachisale anali atadandaula za zimenezi kuyambira tsiku limene anasamukira pamalopo. Zaka zonsezi bambowa ankaphunzitsa kuti madziwo ndi okoma pakamwa, uku akukwinya nkhope powamwa, osaima ndi tsiku limodzi lomwe kudzifunsa. Za oyeza msewu aja kaya zinali zoona kaya ayi, palibe akudziwa. Koma chimene chinasunga dzinalo m'mtima wa munthu kwa zaka zoposa makumi asanu ndi awiri, kutali kuchigwa, sanali mapu. Akuluakulu ananena kuti mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo tsiku limenelo Aphunzitsi anametedwa.

"Tsikani, mayi," anatero, tsopano mokweza mawu. "Ndinanama. Kasupe sanaphwe."

Kondakitala analalata kuti akumuthawitsira kasitomala, koma palibe anamumvera. Aphunzitsi anatsogola, Elube pambuyo. Analowa m'khitchini, anasolola chikho kudenga, chitada bii ndi mwaye. Anatsegula loko. Sanangotsegula, anazula chitseko chonse cha lata nkuchigoneka pansi, kuti mawa mtima ukasintha asapeze chotseka. Anatsuka chikho, nkuchipachika pa nthambi yake yomwe ija, chozondoka. Ndipo anaima pambali, chifukwa mwambo wake suti mwini malo apatse munthu m'manja. Mlendo amapachula yekha.

Elube anapachula, anamwa, anakwinya nkhope pang'ono, anadzaza kachigubu kake. Anatsuka chikho nkuchibwezera. Asanatuluke nkomwe, ndowa zinali zitandanda kuyambira pamkuyu mpaka kumsewu. Panalibe nthungululu, panalibe woimba nyimbo. Amayi anangotunga, mmodzimmodzi, modekha, ngati anthu amene abwezeredwa chinthu chawo chomwe. Womalizira pamzere anali aNachisale. Anataya madzi ofiira aja pa mzere woyamba wa tomato, nkudikira nthawi yawo ngati wina aliyense.

Mwina mukudikira kuti ndinene kuti mawa lake kunagwa chimvula, kapena kuti kasupe anasefukira. Ayi. Kumwamba kunakhala kuli mbee mpaka Disembala. Tomato anayamba kufota tsiku lachitatu. Pofika tsiku lachisanu ndi chinayi mizere yonse makumi awiri inali itauma, tizipatso tija titakwinyika pamitengo. Aphunzitsi anaima m'dimbamo nkulira, misozi yeniyeni ya munthu wamkulu. Chaka chimenecho nyumba yawo inadya kamodzi patsiku, ndipo jekete lawo la ku tchalitchi linayamba kuwakhwepa.

Patapita sabata ndi theka, foni ya aNachisale inalira. Anali Elube, amene anatenga nambala yawo tsiku lija. Anati anafika bwino. Anati anawadzutsa a Chikaonda, nkuwatsamiritsa kukhoma, nkuwamwetsa. Nkhalambayo inakwinya nkhope, kenaka inaseka, kuseka koyamba pa miyezi iwiri.

"Ndi omwewo," inatero. "Dzimbiri lake lomwe lija. Chikho chikadalipo?"

"Chilipo, bambo. Ndinapachula ndekha."

"Ndiye kuti malo aja akadalipo."

Anamwalira Lamlungu lotsatira, mwamtendere.

Kuyambira pamenepo Aphunzitsi anasintha kaphunzitsidwe. Chikwangwani ankachipukutabe, poti chizolowezi sichitha msanga. Koma mlendo akawafunsa tanthauzo la dzina la tauniyo, sankatsokomolanso kapena kukonza kolala. Ankangoloza kumunsi, nkunena kuti, "Tsetserekani apo, pamkuyu. Mukamwe kaye, mukabwera mundiuze ndinu."

Abale ndi alongo, nafenso tili ndi dzina lochokera kutali, losakhala la chinenero chathu. Timatchedwa Akhristu. Ndipo dzinali timaligwiritsa ntchito kuposa mmene a pa Switiwota ankachitira ndi lawo. Lili pa zitenje zathu, lili pa sitolo zathu, lili pagalasi la kumbuyo kwa minibasi. Ena mwa ife tikhoza kulimasulira bwino kwambiri, kunena kumene linachokera ndi amene anayamba kutchedwa nalo, mpaka womvera kuphonya basi. Zonsezo nzabwino. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Munthu waludzu sawerenga chikwangwani. Mwana wamasiye wa mlongo wanu, mpongozi amene simulankhula naye, mnansi amene mbuzi zake zinakudyerani chimanga, onsewa Chingelezi cha chikhulupiriro chathu sachidziwa. Iwo anangomva kuti kumene kuli anthu a Yesu kumakhala chikho. Akafika pakhomo panu nkupeza loko, sadzakutukwanani. Adzangonena mwaulemu kuti atsikira polakwika, nkupita, ndipo dzina la Ambuye lidzatsala pakhoma lokha.

Musadandaule kuti madzi anu ndi ochepa, kapena kuti amamveka dzimbiri. Tonsefe timamveka dzimbiri. Mulungu sanatitche ake chifukwa ndife okoma. Anatipeza titakomoka panjira, natimwetsa osafunsa kuti ndife a kwa yani, ndipo mtengo wake analipira yekha. Sindikunamizani kuti kupachika chikho nkwaulere. Aphunzitsi anataya tomato wawo, ndipo inunso pali china chimene mudzataye.

Koma aliyense wa ife wakhala muno ndi kiyi wake m'thumba, ndipo pamene ndimalankhula munamumva akukukhudzani. Mukudziwa chitseko chake. Mukudziwanso amene waima kunja kwake ndi kachigubu. Minibasi sinadzaze, abale anga, koma yatsala pang'ono.